Nkhomaliro pafupi ndi Uffizi ku Florence: mafunso ndi mayankho

Pokonza ulendo wa ku Florence, likulu la chigawo cha Tuscany ku Italy, maganizo onse amathera pa tikiti yolowera ku Uffizi, myuziyamu yotchuka ya zojambulajambula. Nkhomaliro imakumbukika njala itavuta kale, miyendo ikuwawa, ndipo munthu amangogwera pamalo oyamba amene waonapo mpando. Ambiri amalipira ndalama zochuluka pa chakudya chosakoma mumzinda umene eni ake amaphika bwino kwambiri. Zimandimvetsa chisoni chifukwa n'zopeweka.

Ndidye ndisanalowe, kapena ndikatuluka?

Funsoli muliyankhe tsiku limene mukugula tikiti. Uffizi imatsegulidwa 8:15 m'mawa n'kutsekedwa 6:30 madzulo, kuyambira Lachiwiri mpaka Lamlungu. Lolemba kumakhala kotseka. Tikiti yogulidwiratu imakhala ndi nthawi yake yolowera, ndipo nthawi imeneyo ndiyo idzalamulire nkhomaliro yanu.

Nyumbayi ndi yaikulu. Giorgio Vasari anayamba kuimanga mu 1560, atatumidwa ndi wolamulira Florence, Cosimo I de' Medici, kuti mukhale maofesi a boma, ndipo ili ndi makonde awiri aatali olumikizana chakumtsinje wa Arno. Mumayamba n'kukwera masitepe kufika m'mwamba, kumene kuli ntchito za akatswiri ojambula monga Giotto, Botticelli, Leonardo da Vinci, Raphael ndi Michelangelo, kenako n'kutsikira kwa Titian ndi Caravaggio. Woyenda mosathamanga amatha maola atatu. M'zipinda za Botticelli mokha, mmene muli chithunzi cha Primavera ndi cha kubadwa kwa Venus, khamu la anthu likhoza kukuchedwetsani theka la ola.

Tsono werengani nokha. Mukalowa pakati pa 8:15 ndi 9:30 mutuluka makhitchini akungoyamba kumene ntchito, ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene ndimalangiza aliyense. Njira ina ndi kudya 12:30 masana n'kulowa cha m'ma 2 koloko mutakhuta. Tikiti yovutitsa ndi ya 11 koloko, chifukwa imakutulutsani pamene ophika akuzimitsa moto.

Akuzimitsa moto bwanji dzuwa lili pamutu?

Malo odyera a mabanja, amene kumeneko amati trattoria kapena osteria, amapereka nkhomaliro kuyambira cha m'ma 12:30 mpaka 2:30 masana, ena mpaka 3 koloko. Akatero amatseka, n'kudzatsegulanso cha m'ma 7 kapena 7:30 usiku. Sachita izi chifukwa cha ulesi. Ophika omwewo ndi amene adzaphike chakudya chamadzulo mpaka usiku ndithu, ndipo eni mzinda sadya pa maola apakatiwa. Malo amene khitchini yake imayaka tsiku lonse amadalira alendo odutsa. Si onse oipa ayi, koma pakati pawo ndi pamene pali ambiri osasamala.

Kodi ndingatuluke kukadya n'kubwereranso ndi tikiti yomweyo? Nanga kulowa ndi kamba wanga?

Ayi, mukatuluka mwatuluka. Kudyera m'zipinda za zithunzi n'koletsedwa, ndipo zikwama zikuluzikulu zimasiyidwa pamalo osungira katundu. Kabotolo kakang'ono ka madzi amalola.

M'kati mwa myuziyamu muli kamalo ka khofi kumapeto kwa khonde lam'mwamba, pamwamba pa Loggia dei Lanzi, khumbi la ziboliboli loyang'ana pabwalo la Piazza della Signoria. Mukakhala panja pake, nsanja ya Palazzo Vecchio, nyumba yakale ya boma la mzindawu, imakhala pafupi nanu zedi, mpaka kuona miyala yake umodziumodzi. Chakudya chake n'chopepuka, masangweji ndi makeke, ndipo mitengo ndi yokwererapo. Ndi malo abwino opumirapo pakati pa ulendo, makamaka kwa amene agwidwa ndi tikiti ya 11 koloko ija.

Pabwalo la Piazza della Signoria pali matebulo ambiri. Cholakwika n'chiyani kudyera pamenepo?

Palibe cholakwika ngati mukudziwa chimene mukulipira. Pamenepo mukugula mpando woyang'anizana ndi Palazzo Vecchio, kasupe wa Neptune ndi ziboliboli, ndipo lendi ya malo otere imalowa mumtengo wa mbale iliyonse. Kapu ya chokoleti yotentha ku Rivoire, malo a khofi amene akhalapo kuyambira 1872, ndi chinthu choti munthu akhoza kudzisangalatsa nacho kamodzi. Koma nkhomaliro yonse ya banja pabwalopo imapweteka m'thumba.

Zizindikiro za malo ongodyera alendo masuku pamutu sizibisika. Pakhomo pamaima munthu woitanira odutsa. Menyu imakhala ya zithunzi, m'zilankhulo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo imalonjeza zonse: pizza, lasagne, nsomba, nyama, zakudya za zigawo zonse za Italy m'khitchini imodzi. Kumene amaphika bwino menyu imakhala yaifupi, nthawi zina yolembedwa pamanja kapena pabolodi, ndipo imasintha ndi nyengo. Kuti mupeze malo otere muyenera kuyenda mphindi 10 kapena 15 kuchoka pakhomo la myuziyamu. Pakati pa Florence ndi pang'ono, paliponse pamafikika wapansi.

Mzere wautali wa mu Via dei Neri ndi wa chiyani, ndipo ndiimepo?

Msewu wopapatizawu uli kuseri kwa Uffizi, ndipo mzerewo ndi wa All'Antico Vinaio, sitolo ya masangweji imene inatchuka mpaka kutsegula nthambi m'mizinda ina, ngakhale ku New York. Amagulitsa schiacciata, buledi waphanthiphanthi wophikidwa ndi mafuta a azitona ndi mchere, wokhutchuka kunja koma wofewa m'kati. Amamudula pakati, kupakamo tchizi chofewa, n'kuikamo nyama zodulidwa mopyapyala ndi masamba. Sangweji imodzi ndi yaikulu, anthu awiri opanda njala yaikulu akhoza kugawana.

Ndi wokoma, sindingatsutse. Koma ngati mzere wafika patali, musataye ola lanu. Schiacciata si ya sitolo imodzi, ndi buledi wa mzinda wonse, ndipo mumsewu womwewo ndi yoyandikana nayo muli ena ogulitsa. Mu Via dei Cimatori, mphindi zochepa kuchokera ku Piazza della Signoria, muli I Fratellini, kasitolo kakang'ono kopanda ngakhale mpando, kamene kakhalapo kuyambira 1875. Masangweji ake ndi aang'onopo komanso otsika mtengo, ndipo anthu amadyera choimirira pakhomo. Mukaima pamzere uliwonse, chikwama chikhale kutsogolo.

Ndikagula sangwejiyo, ndingadyere paliponse?

Apa chenjerani. Mu 2018 akuluakulu a mzinda, pansi pa meya Dario Nardella, analetsa kudyera m'mbali mwa msewu ndi pamakomo a nyumba mu Via dei Neri, Piazzale degli Uffizi, Piazza del Grano ndi Via della Ninna, kuyambira 12 koloko mpaka 3 koloko masana ndi 6 koloko mpaka 10 koloko usiku. Chindapusa chinali mayuro 150 mpaka 500. Chinawachititsa ndi madandaulo a okhala m'misewuyo, amene ankalephera kulowa m'nyumba zawo chifukwa cha anthu okhala pamakomo, kuphatikizapo zinyalala zimene ankasiya. Malamulo otere amakonzedwanso nthawi ndi nthawi, choncho werengani zikwangwani. Kukhala pamasitepe a tchalitchi n'kumadya nakonso sikusangalatsa eni ake. Nyamulani chakudya chanu mupite kubwalo la Santa Croce, mphindi zisanu zokha, kumene kuli mabenchi a miyala.

Lampredotto n'chiyani? Ndikuona anthu ataunjikana pa timangolo.

Ngati mungadye chinthu chimodzi chokha ku Florence, chikhale chimenechi. Ng'ombe ili ndi zifu zinayi, ndipo lampredotto ndi chifu chachinayi. Amachiwiritsa nthawi yaitali mumsuzi wa tomato, anyezi, karoti ndi masamba onunkhira mpaka chitafewa. Chinali chakudya cha amphawi ndi antchito, pamene nyama yabwino inkapita kwa olemera, koma lero pangolopo mupeza womanga nyumba ataima limodzi ndi loya wovala suti. Amene anazolowera kuima pachiwaya podikira zam'kati za ng'ombe sadzaona chachilendo.

Yang'anitsitsani manja a wogulitsa. Amavundukula poto, nthunzi n'kutuluka, kenako amavuula chifu ndi foloko yaitali n'kuchiika pathabwa. Amachiduladula mofulumira, kuchiunjika pa theka la buledi, kuwazapo mchere ndi tsabola wakuda. Akatero adzakufunsani mafunso awiri. Loyamba ndi la sosi: salsa verde, wobiriwira, wa masamba a parsley ndi adyo, kapena piccante, wa tsabola wowawa, kapena onse awiri. Lachiwiri ndi liwu limodzi, "bagnato?", kufunsa ngati aviike chivundikiro cha buledi mumsuzi. Vomerani. Amachibaya ndi foloko, kuchinyika kamodzi, n'kukulungira zonse m'pepala. Podya weramirani kutsogolo chifukwa msuzi umayenderera m'zala.

Ngolo yapafupi ndi Uffizi ili pamsika wa Mercato Nuovo, pamene pali chiboliboli chamkuwa cha nguluwe chotchedwa Porcellino, chimene alendo amachisisita mphuno. Mtengo umakhala pafupifupi mayuro 5 kapena 6. Wosafuna buledi anene "in vaschetta" ndipo adzamuikira m'kabakuli. Ngolo zomwezo zimagulitsanso trippa alla fiorentina, chifu chophikidwa mu tomato n'kuwazidwa tchizi.

Ine ndikufuna kukhala pansi n'kudya chotentha. Ndilowere kuti?

Pali mbali zitatu.

Yoyamba ndi tsidya lina la Arno, dera lotchedwa Oltrarno. Mumaoloka pa Ponte Vecchio, mlatho wa mu 1345 umene kale unali wa ogulitsa nyama, mpaka wolamulira wa nthawiyo, Ferdinando I, anawachotsapo mu 1593 chifukwa cha fungo n'kuikapo osula golide. Musaime mukangooloka, popeza msewu wolunjika ku Palazzo Pitti udakali wa alendo okhaokha. Khoterani kudzanja lamanja, kulowera ku Santo Spirito. Pabwalo limenelo ndi m'timisewu tozungulira muli ma trattoria ambiri, ndipo anthu okhala m'deralo amadyamonso.

Yachiwiri ndi msika wa Sant'Ambrogio, chakum'mawa, kupitirira Santa Croce, ulendo wa mphindi pafupifupi 15. Uwu ndi msika umene amayi a mumzinda amagulako ndiwo. Unamangidwa mu 1873, ndipo umatseka cha m'ma 2 koloko masana, Lamlungu osatsegula. M'kati mwake muli Trattoria da Rocco, kumene mumakhala mothithikana ndi anthu osawadziwa n'kudya chakudya chapakhomo pamtengo wabwino. Pa zitatuzi, mtima wanga uli kumeneku.

Yachitatu ndi Mercato Centrale ku San Lorenzo, nyumba yachitsulo ndi magalasi imene anailinganiza Giuseppe Mengoni ndipo inatsegulidwa mu 1874. Pansi pali Da Nerbone, yotchuka ndi lampredotto komanso masangweji a nyama yowiritsa. M'mwamba, kuyambira 2014, muli ogulitsa zakudya zosiyanasiyana ndi matebulo a onse. Kunja kwa msika, mu Via Rosina, kuli Trattoria Mario, ya banja limodzi kuyambira 1953, yodziwika ndi nkhomaliro. Fikani msanga chifukwa imadzaza.

Menyu ili ndi magawo ambiri. Kodi ndiyenera kuitanitsa onse?

Ayi. Magawowo ndi antipasto, zoyambira. Primo, pasta kapena supu. Secondo, nyama kapena nsomba. Contorno, masamba kapena mbatata. Ndi dolce, zotsekemera. Masana ngakhale eni dziko amadya mbale imodzi kapena ziwiri. Dziwani chabe kuti secondo imabwera yokha: mukaitanitsa nyama adzabweretsa nyama basi, ndipo nyemba kapena masamba muziitanitsa padera.

Zakudya za ku Tuscany zinachokera kwa alimi osataya kanthu, n'chifukwa chake buledi wotsala amapezeka paliponse. Ribollita ndi supu yolimba ya nyemba zoyera, buledi wa dzulo ndi cavolo nero, kabichi wa masamba aatali obiriwira moderako. Amaiphika lero n'kuiwiritsanso mawa, ndipo ndi ya nyengo yozizira. Pappa al pomodoro ndi buledi wophwanyikira mu tomato, adyo ndi mafuta a azitona. M'nyengo yotentha amapanga panzanella, buledi wonyowetsedwa wosakaniza ndi tomato, anyezi ndi viniga, wodyedwa wozizira. Okonda nyama ayese peposo, ng'ombe yophikidwa maola ambiri mu vinyo wofiira ndi tsabola wakuda, kapena pappardelle al cinghiale, pasta yotakata ya msuzi wa nguluwe.

Buledi wa patebulo mudzamupeza wopanda mchere. Wophika sanaiwale, ndi mmene amaphikira ku Tuscany kuyambira kalekale, ndipo amayenderana ndi nyama zawo zamchere ndi misuzi yawo.

Nanga bistecca alla fiorentina imene aliyense amaitchula?

Ndi nyama yokoma, koma si nkhomaliro ya munthu amene akufuna kuyendanso masana. Ndi nthuli yaikulu yokhala ndi fupa pakati, yochindikala zala zitatu kapena zinayi, ndipo kawirikawiri imalemera kilogalamu kapena kuposa. Amaiwotcha pamakala kunja kokha, m'kati n'kukhala yofiira. Wophika sakondwa mukamuuza kuti aipsetse, choncho ngati nyama yofiira simuitha sankhani china.

Mtengo wake umalembedwa pa kilogalamu kapena pa etto, amene ndi magalamu 100. Apa ndi pamene alendo amapunthwa: amaona nambala yaing'ono n'kuganiza kuti ndi mtengo wa mbale yonse. Funsani kulemera kwake isanapite pamoto. M'malo abwino amakuonetsani nthuliyo ili yaiwisi. Imeneyi ndi ya anthu awiri kapena atatu, madzulo.

Pa bilu pali ndalama ya "coperto" imene sindinaitanitse. Andibera?

Sanakubereni. Coperto ndi ndalama ya malo patebulo, nsalu ndi buledi, imene munthu aliyense amalipira, kawirikawiri mayuro 2 kapena 3, ndipo iyenera kulembedwa pamenyu. Iyang'aneni musanakhale pansi. Malo ena amaonjeza servizio, ndipo nayonso iyenera kulembedwa. Ndalama yothokoza woperekera zakudya si yokakamiza. Mukakondwa siyani yuro imodzi kapena awiri.

Bilu sibwera yokha, chifukwa kuibweretsa musanaipemphe amakuona ngati kuthamangitsa mlendo. Nenani "il conto, per favore", kapena pitani pakauntala. Kuyambira pakati pa 2022 wamalonda wokana khadi akhoza kulipitsidwa chindapusa, komabe pa ngolo ya lampredotto ndalama zachitsulo zimafulumizitsa zinthu. Lisiti tengani.

M'malo a khofi, amene iwo amati bar, mitengo ndi iwiri. Kumwera choimirira pakauntala ndi yuro imodzi ndi timasenti, koma khofi yemweyo mutakhala patebulo la panja pabwalo lotchuka akhoza kukwera katatu kapena kanayi. M'malo ambiri mumayamba mwalipira, n'kupereka lisiti kwa wopanga khofi.

Sindidya nkhumba. Zitheka?

Zitheka, koma khalani maso chifukwa ku Tuscany nkhumba ili ponseponse. Prosciutto, salame, finocchiona, porchetta, pancetta, lardo ndi salsiccia zonsezi ndi za nkhumba, ndipo cinghiale ndi nguluwe. Msuzi wa nyama wa pasta, ragù, nthawi zambiri amasakanizamo nkhumba. Mawu ofunika ndi "senza maiale", kutanthauza popanda nkhumba. Pa sangweji sankhani tchizi cha nkhosa chotchedwa pecorino, mabiringanya, tomato, tuna kapena bresaola, imene ndi ya ng'ombe. Lampredotto ndi ya ng'ombe, koma ofuna nyama ya halal apite chakusiteshoni ya sitima ya Santa Maria Novella ndi ku San Lorenzo, kumene kuli malo a kebab ndi a anthu ochokera ku Asia ndi kumpoto kwa Africa.

Osadya nyama konse savutika. Ribollita, pappa al pomodoro ndi fagioli all'uccelletto, nyemba zophikidwa mu tomato ndi masamba onunkhira, n'zokhutitsa. Ingofunsani ngati msuzi wake mulibe nyama.

Popanda nsima sindikhuta. Pali choyandikira?

Chilipo: polenta, ya ufa wa chimanga chachikasu, yofewerapo ndipo yothira mchere. Kwawo kwenikweni ndi kumpoto kwa Italy, koma m'nyengo yozizira ma trattoria ena a ku Florence amaipereka pamodzi ndi peposo kapena nguluwe. Mukaisowa, ribollita ndi mbale ya nyemba zidzakugwirani m'mimba mpaka madzulo.

Zakumwa?

Woperekera zakudya adzafunsa "naturale o frizzante?", madzi wamba kapena a gasi, ndipo onse ndi a m'botolo, olipira. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, ndipo pakhoma la Palazzo Vecchio pali mpopi waulere wotulutsa mitundu yonse iwiri, choncho yendani ndi botolo. Akumwa vinyo apemphe vino della casa, kotala ya lita, wotsika mtengo kuposa wa m'botolo. Mukatha kudya, "un caffè" ndi kakapu kakang'ono ka khofi wamphamvu. Cappuccino kwa iwo ndi ya m'mawa, ngakhale palibe adzakukanizeni.

Poyenda mudzaona timawindo tating'ono m'makoma a nyumba zakale. Mabanja olemera ankagulitsirapo vinyo wa m'minda yawo, ndipo pa mliri wa m'zaka za m'ma 1630 tinathandiza kuti wogula ndi wogulitsa asakhudzane. Tina tinatsegulidwanso mu 2020.

Kodi tsiku la sabata lili ndi kanthu?

Kwambiri. Ma trattoria ambiri a mabanja amapuma Lamlungu kapena Lolemba, ndipo amene atsegula Lamlungu masana amadzaza ndi mabanja a komweko, choncho sungitsani malo. Lamlungu loyamba la mwezi, pamene mamyuziyamu a boma amalowetsa ulere, khamu limachuluka m'dera lonse la Uffizi. Mu Ogasiti, makamaka masiku ozungulira tchuthi cha Ferragosto pa 15, eni malo ambiri amatseka n'kupita kunyanja kwa sabata ziwiri kapena kuposa.

Gelato wabwino, ayisikilimu wa ku Italy, ndimudziwa bwanji?

Wounjikidwa ngati phiri, wa mitundu yowala kwambiri, mudutseni. Wabwino amakhala m'zotengera zachitsulo, nthawi zina zovundikira, ndipo mtundu wake ndi wa chipatso chenichenicho: wa nthochi amakhala wotuwa, osati wachikasu. Vivoli, pafupi ndi Santa Croce, ndi imodzi mwa nyumba zakale za gelato mumzindawu. Kulikonse kumene mungagule, tchulani kukula ndi mtengo asanayambe kutapa.

Ndatuluka 3 koloko, makhitchini atseka. Nditani?

Pitani m'mwamba mwa Mercato Centrale, mmene amaphika tsiku lonse mpaka usiku, tsiku lililonse la sabata. Ngati miyendo yakana, fufuzani forno, sitolo yophika buledi. Kumeneko schiacciata ndi pizza amagulitsa poyeza pasikelo: mumaonetsa ndi manja kukula kumene mukufuna, iwo n'kudula, kutenthetsa ndi kukulunga. Masitolo a masangweji a mu Via dei Neri nawo amakhala otsegula, ndipo pa ola limeneli mzere umakhala utachepa. M'masupamaketi ang'onoang'ono apakati pa mzinda muli kauntala ya tchizi, nyama ndi zophikaphika, komanso zipatso. Idyani mopepuka, chifukwa ma trattoria atsegulanso 7:30, ndipo pa ola limenelo tebulo limapezeka mosavuta popeza eni mzinda amafika 8 koloko itadutsa.